Musanapopere mankhwala, yang'anani duwa

 Ndikulankhula makamaka ndi inu omvera a kwa Kalembo m'boma la Balaka, a pa Ulongwe, a ku Nandumbo, a m'midzi ya m'mphepete mwa nkhalango ya Liwonde, ndi inu a kutsidya kwa Shire m'boma la Machinga. Nkhani yathu lero ikuchokera pa dandaulo limene limamveka m'minda chaka ndi chaka. Maungu ayanga bwino, masamba ali biriwiri, maluwa achita chikasu munda wonse, koma timaungu tikangoyamba kuoneka timafota n'kuthothoka. Wina amati mvula yachepa. Wina amati nthaka yaguga. Salephera kupezeka wonena kuti pali munthu wa kaduka amene wadutsamo usiku. Za mvula ndi za nthaka nthawi zina zimakhala zoona. Koma pali chifukwa china chimene sitimachitchula kawirikawiri. Duwa linatseguka m'mawa, linadikira njuchi, ndipo njuchiyo sinabwere.

Tiyambe ndi chimanga, popeza ndicho aliyense amachidziwa. Chimanga chikamasula, pamwamba pamatuluka ngayaye. Ngayayezo ndiwo maluwa aamuna. Mukadutsa m'munda m'mawa n'kugunda phesi, pa malaya panu pamatsala fumbi lachikasu. Fumbi limenelo ndilo mungu. Ndevu zimene zimatuluka pa mwana wa chimanga ndizo mbali yaikazi, ndipo ndevu iliyonse imatsika mpaka pa malo a njere imodzi. Mungu ukagwera pa ndevu, pamenepo padzakhala njere. Ndevu imene sinalandire mungu, malo ake amatsala opanda kanthu. N'chifukwa chake ng'amba ikagwa chimanga chili pomasula timakolola cha njere zapatalipatali. Kukauma, ndevu zimachedwa kutuluka, ndipo pamene zikutuluka mungu umakhala utayoyoka kale. Ambiri kuno kummwera anaziona zimenezi pa ng'amba ya El Niño ya m'mwezi wa Febuluwale 2024, chaka chimene boma linalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pa ngozi.

Amene amanyamula mungu wa chimanga ndi mphepo. Tsono onani maonekedwe a duwa lake. Lilibe mtundu wowala, lilibe fungo, lilibe timadzi totsekemera. Silifunika kukopa aliyense. Limangotulutsa mungu wambirimbiri, wouma ndi wopepuka, n'kuusiyira mphepo. Mtedza uli ndi njira ina: duwa lake limadzipatsa lokha mungu lisanatseguke bwino, ndipo silidalira mphepo kapena njuchi. Tikanakhala kuti timalima chimanga ndi mtedza basi, nkhani ya lero ikanakhala yaifupi. Koma kwa Kalembo timalimanso maungu, nkhaka, mavwende, therere, nandolo, khobwe, chitowe, mpendadzuwa ndi thonje, ndipo pakhomo pali mango ndi mapapaya. Zambiri mwa zimenezi zimabereka bwino pokhapokha chamoyo china chitanyamula mungu kuchoka pa duwa ili kupita pa duwa ilo. Mphepo imatipatsa nsima. Gawo lalikulu la ndiwo, zipatso ndi ndalama timalipeza chifukwa cha tizilombo touluka.

Amayi amene amathyola chiluwe amaidziwa nkhaniyi kuposa ambiri a ife. Pa mtsitsi umodzi wa dzungu pamakhala maluwa a mitundu iwiri. Lalimuna limaima pa kaphesi kowonda, ndipo ndilo limayamba kutuluka, komanso ndilo limachuluka. Lalikazi limakhala ndi kadzungu kakang'ono kunsi kwake lisanatseguke n'komwe. Kadzungu kameneko sikanakhale dzungu. Kakudikira mungu wochokera ku duwa lalimuna, ndipo mungu wa dzungu ndi wolemera ndi womata, woti mphepo singaunyamule. Maluwa onsewa amatseguka m'bandakucha, dzuwa likafika pamutu afota, ndipo satsegukanso. Ndiye kuti duwa lalikazi lili ndi m'mawa umodzi wokha pa moyo wake wonse. M'maola ochepa amenewo njuchi ziyenera kulowamo kangapo zitadzola mungu thupi lonse. Zikalowa kokwanira, dzungu limakula lathunthu ndi nthangala zodzaza. Zikalowa pang'ono, limakula lopindika, mbali ina yonenepa mbali ina yofwapa. Zikapanda kulowa, kadzungu kaja kamachita chikasu n'kugwa.

Musaganize kuti njuchi imachita zimenezi chifukwa chotimvera chisoni. Apa pali ganyu. Duwa silingayende, choncho limalemba waganyu wonyamula katundu, ndipo limamulipira ndi timadzi totsekemera ndi gawo la mungu womwewo. Timadzito njuchi imakapangira uchi, munguwo imakadyetsa ana ake. Tsono duwa lililonse linapangika molingana ndi waganyu amene limamufuna: mtundu wake, fungo lake, kukula kwa khomo lake, ndi ola limene limatseguka. Mlimi amene waphunzira kuona zinthu zinayi zimenezi akhoza kudziwa amene amagwira ntchito pa mbewu yake, ndi nthawi imene amaigwira, ngakhale asanamuone ndi maso.

Titenge mtundu. Maso a njuchi saona monga athu. Njuchi imaona bwino chikasu, mtundu wa mtambo ndi zoyera, ndipo imaonanso kuwala kwina kwa dzuwa kumene ife sitikuona. Koma chofiira sichiiwalira bwino. N'chifukwa chake maluwa ambiri a njuchi ndi achikasu, oyera kapena obiriwira ngati mtambo, ndipo amanunkhira masana. Yang'anani duwa la therere kapena la nandolo. Mupeza kadontho kakuda pakati, kapena timizere tolowera m'kati. Zimenezo si zokongoletsa chabe, zimalozera njuchi kumene kuli timadzi. Munthu amene anayamba kulemba bwino za timizere timeneti anali Mjeremani wina, Christian Konrad Sprengel, m'buku limene anatulutsa mu 1793, ndipo anthu a nthawi yake sanamulabadire. Patapita zaka zambiri katswiri wa ku Austria, Karl von Frisch, anatsimikiza kuti njuchi zimasiyanitsa mitundu, ndiponso kuti njuchi ikapeza maluwa imabwerera ku mng'oma n'kukavina pa chisa, ndipo kavinidwe kakeko kamauza zinzake kumene kuli maluwawo ndi kutalika kwa ulendo. Anapatsidwa mphoto ya Nobel mu 1973. Njuchi ilinso ndi khalidwe limene limapindulitsa mlimi: ikayamba ulendo pa maluwa a dzungu, kawirikawiri imatsata a dzungu okhaokha mpaka itabwerera. Motero mungu wa dzungu sukatayika pa duwa la thonje.

Titenge khomo la duwa. Duwa la nandolo ndi la khobwe ndi lotsekeka. Mungu ndi mbali yaikazi zimabisika m'kati mwa timasamba tiwiri tam'munsi tophatikizana. Kuti zituluke pamafunika chamoyo cholemera chotera pamenepo n'kukanikiza. Apa m'pamene bemberezi amaposa njuchi ya mumng'oma. Inde, bemberezi yemweyo amene amaboola mitengo ya denga, amene ana amamuthamangitsa ndi nthambi. Akatera pa duwa la nandolo, duwalo limatseguka ndi kulemera kwake n'kumupaka mungu kumimba. Nandolo amatha kubereka payekha, koma amene wayenderedwa ndi njuchi zikuluzikuluzi amagwira makoko ambiri. Bemberezi ali ndi luso linanso. Duwa la matimati ndi la mabiringanya limasunga mungu m'timachubu tokhala ndi kabowo kunsonga, ndipo umatuluka bwino duwalo likanjenjemeretsedwa. Bemberezi amaligwira n'kulinjenjemeretsa ndi minofu ya mapiko ake. Njuchi ya uchi siitha ntchito imeneyo.

Pamenepa tikumbutsane kuti njuchi si mtundu umodzi. Padziko lonse pali mitundu yoposa 20,000, ndipo yambiri sipanga uchi, ilibe mfumukazi, sikhala m'gulu. Yaikazi imakumba kauna payokha m'dothi, kapena imalowa m'phesi louma kapena m'bowo la mtengo wakufa, n'kuikamo mungu ndi dzira. Mukaona tsamba ladulidwa kachidutswa kozungulira bwino m'mphepete, kawirikawiri imakhala njuchi ya mtundu wina imene imakayala tsambalo m'chisa chake. Palinso tinjuchi ting'onoting'ono tosaluma tija timavutitsa m'maso m'nkhalango za tsanya kukatentha. Zonsezi zimagwira ntchito m'minda yathu, ndipo palibe amene anazikhomera mng'oma.

Nanga mango? M'miyezi ya Julaye ndi Ogasiti mitengo ya mango imachita maluwa ang'onoang'ono ochuluka pa tsango limodzi, osabisa timadzi, a fungo limene ena salikonda. Duwa lotere limaitana chamoyo cha mlomo waufupi. Kaimeni pansi pa mtengo wa mango dzuwa litakwera pang'ono. Muona njuchi, koma muonanso ntchentche zambiri, zobiriwira zonyezimira zija ndi zina zooneka ngati njuchi zimene zimaima m'malere malo amodzi. Pa mango ntchentche ndi aganyu odalirika. Izi sizikutanthauza kuti tisiye kuvindikira zimbudzi, chifukwa kolera ndi kolera. Tikungonena kuti wopopera mankhwala mtengo wa mango uli pa maluwa akuchepetsa yekha mango amene akanagulitsa pa msewu wa Liwonde ndi Mangochi mu Novembala ndi Disembala.

Dzuwa likalowa ntchito siima. Dera lathu lino ndi la milambe, ndipo mlambe umachita maluwa kumapeto kwa chilimwe mvula ikamayandikira. Duwa lake ndi lalikulu, loyera, lolendewera pansi pa chingwe chachitali. Limatseguka kukamada, limatulutsa fungo lamphamvu losakoma kwenikweni kwa munthu, ndipo pofika mawa lake layamba kufota. Choyera chimaoneka mumdima, fungo limamveka patali, ndipo kulendewera kumapatsa malo chamoyo chobwera chikuuluka. Amene amabwera ndi mileme yodya zipatso ndi agulugufe akuluakulu a usiku. Mvunguti nawonso, ndi maluwa ake ofiira moderako olendewera pa zingwe, umayenderedwa ndi mileme. Choncho malambe amene ana amabwira, amene amayi amagulitsa pa msika wa Ulongwe, amene makampani amapangira juwisi, anayamba ndi ulendo wa usiku wa chamoyo chimene ambiri timachigenda tikachiona.

Papaya ali m'gulu lomweli. Mitundu yambiri ya mapapaya a m'midzi ili ndi mtengo waumuna ndi mtengo waukazi. Waumuna umachita maluwa ambiri oyera pa timaphesi tataliatali, ndipo umanunkhira kwambiri madzulo. Agulugufe a usiku a mlomo wautali amamwa timadzi pamenepo n'kupita ku duwa la mtengo waukazi atanyamula mungu. Ambiri tikaona papaya waumuna timathamangira chikwanje, ati ndi wosabereka. Mudzi wonse ukadula aamuna onse, aakazi aja adzachita maluwa n'kumayoyola. Siyani mtengo waumuna umodzi pakati pa yaikazi ingapo.

Kugwirizana kwa duwa ndi chamoyo chake kumafika patali kotero kuti munthu akhoza kuona duwa n'kulosera chamoyo chimene sanachionepo. Mu 1862 Charles Darwin wa ku England analandira duwa loyera la ku Madagascar limene timadzi take timakhala pansi pa kachubu kotalika pafupifupi masentimita 30. Iye ananena kuti pa chilumbapo payenera kukhala gulugufe wa usiku wa mlomo wotalika chomwecho. Gulugufe wotereyo anadzalembedwa m'mabuku mu 1903, Darwin atamwalira kale mu 1882. Koma sitifunika kuwoloka nyanja kuti tione zodabwitsa zotere. Akuluakulu anati chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere, ndipo mwambiwu umatichenjeza bwino za zinthu zokongola kunja kokha. Koma amene anayamba waonapo duwa la mkuyu ndani? Palibe, chifukwa maluwa a mkuyu ali m'kati mwa nkhuyu momwemo, mazanamazana, ndipo khomo lake ndi kabowo kamodzi kunsonga. Nyerere zenizeni zimalowa ndithu m'nkhuyu zakupsa, koma tizilombo tambiri timene mumatipeza mukabanthula nkhuyu ndi timavu tating'ono kwambiri, tosaluma. Kakakazi kamadzipanikiza pa kabowo kaja mpaka mapiko kuthothoka, kamapaka mungu pa maluwa a m'katimo, kamaikira mazira, n'kufera momwemo. Ana ake akakula, aamuna, amene alibe mapiko, amaboola njira, ndipo aakazi amatuluka atanyamula mungu kukasaka mkuyu wina. Popanda kamavu kameneka mkuyu sungabereke njere, ndipo popanda mkuyu kamavuko kalibe poikira mazira. Mikuyu ya m'mphepete mwa Shire, imene imadyetsa anyani, mbalame ndi mileme, ilipo chifukwa cha kachilombo kochepa kuposa njere ya mpunga.

[Kanyimbo]

Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukamba za maluwa ndi tizilombo tonyamula mungu, ndipo tsopano tifike pa nkhani ya m'thumba. Balaka ndi boma la thonje, ndipo alimi ambiri akulimanso chitowe. Mbewu ziwirizi zimatha kubereka pazokha, choncho kwa nthawi yaitali anthu ankaganiza kuti njuchi zilibe nazo ntchito. Kafukufuku amene anachitika m'minda ya alimi ang'onoang'ono ku Burkina Faso, n'kusindikizidwa mu 2017, anaonetsa zina. Ofufuzawo anaphimba maluwa ena kuti njuchi zisawafike, ena n'kuwasiya poyera. Pamene njuchi zinatsekeredwa kunja, zokolola za thonje zinatsika ndi magawo 37 pa 100, za chitowe ndi magawo 59 pa 100. Burkina Faso si Balaka, koma ndi dziko lotentha la alimi a makasu ngati ife, ndipo mbewu zake ndi zomwezi. Ganizirani mlimi amene amayembekezera mabelo atatu n'kupeza awiri, feteleza atathira, kupalira atapalira. Lipoti lalikulu la akatswiri a mayiko osiyanasiyana la bungwe la IPBES, la mu 2016, linanena kuti mitundu pafupifupi 75 pa 100 ya mbewu zikuluzikulu za chakudya padziko imapindula ndi zamoyo zonyamula mungu, ndipo pa zomera zam'tchire zochita maluwa ndi pafupifupi 90 pa 100. Kuno kwathu nako nkhaniyi ikufufuzidwa. Ku Mzimba akatswiri ogwira ntchito ndi bungwe la Soils, Food and Healthy Communities la ku Ekwendeni akhala akuwerenga njuchi m'minda ya nandolo ndi maungu pamodzi ndi alimi eni ake.

Tsono taonani zimene timachita. Duwa la thonje limatseguka m'mawa lili loyera mwachikasu, ndipo pofika tsiku lotsatira lasanduka lofiirira, ntchito yake yatha. La chitowe limatseguka m'mawa n'kuthothoka tsiku lomwelo. La dzungu tanena kale. Ndiye kuti m'minda yathu njuchi zimachuluka kuyambira dzuwa likangotuluka mpaka chakumasana. Nanga mlimi amanyamula sipuleya nthawi yanji? Nthawi yomweyo, chifukwa kunja kusanatenthe ndipo thupi lili ndi mphamvu. Mankhwala monga Cypermethrin ndi Dimethoate, amene timagula m'masitolo a zaulimi, sasankha kuti iyi ndi mbozi iyi ndi njuchi. Njuchi ina imafera pa duwa pomwepo. Ina imanyamula mungu wa poizoni kukadyetsa ana kumng'oma. Chiyambire pamene mbozi zachilendo zowononga chimanga zinafika m'dziko muno m'nyengo ya 2016 mpaka 2017, kupopera kwafika ndi m'chimanga momwe, ndipo pansi pa chimangacho ndi pamene timadzala maungu ndi khobwe. Njuchi zimatolanso mungu pa ngayaye. Wopopera chimanga chomasula m'mawa amapha njuchi pamwamba ndi pansi pomwe.

Ndikudziwa zimene ena mukunena kumeneko. Mukuti, bambo a pa wailesi, inu mukufuna kuti mbozi zimalize thonje lathu chifukwa cha njuchi? Ayi. Thonje losapopera pamene mbozi zachuluka ndi thonje lotayika, ndipo palibe mlangizi wanzeru amene angakuuzeni kuti mutaye sipuleya. Chimene tikupempha n'kusintha ola ndi kachitidwe. Yambani mwayendera munda n'kuona ngati mbozi zafikadi pa mlingo wofunika mankhwala, monga alangizi a zaulimi a ku Ulongwe amaphunzitsira, m'malo mopopera chifukwa choti sabata yakwana. Mukapeza kuti m'pofunika, poperani chakumadzulo, maluwa a tsikulo atafota ndipo njuchi zitabwerera, kuti mankhwalawo aume usiku. Musapopere kukuwomba mphepo. Musapyole muyezo wolembedwa pa botolo, ndipo pewani mankhwala ogulitsidwa m'timabotolo topanda chizindikiro, oti simukudziwa kuti muli chiyani ndipo sanadutse ku bungwe la Pesticides Control Board. Madzi otsukira sipuleya musawataye pa chithaphwi pamene njuchi zimamwa. Ngati mnansi wanu ali ndi ming'oma, muuzeni dzulo lake. Zonsezi sizifuna ndalama ina iliyonse.

Kupatula mankhwala, mdani wachiwiri wa njuchi ndi njala. Mbewu zathu zambiri zimachita maluwa m'dzinja, koma njuchi imadya chaka chonse. Kuyambira Meyi mpaka mvula yoyamba imadalira mitengo ndi zomera za m'thengo: msangu umene umachita maluwa mvula ikatha, mithethe, mango, nandolo wochedwa kucha, ndi tizitsamba ta m'malire monga chisoso. Mtengo uliwonse wolowa mu uvuni wa makala ndi chakudya cha njuchi chimene chachoka, ndipo ngati unali ndi mphako, ndi nyumba yomwe. Moto wa osaka mbewa umapsereza mapesi ouma ndi zitsa m'mene muli mazira a njuchi zokhala pazokha zija. Wofula uchi ndi moto woyaka m'malo mwa utsi amadya tsiku limodzi n'kupha gulu limene likanatumikira minda ya mudzi wonse. Kumene mapeto a zotere amafika kukuoneka ku Hanyuan m'chigawo cha Sichuan ku China. Kumeneko alimi a mapeyala a mtundu wa kwawoko amakwera m'mitengo ndi timaburashi kupaka mungu duwa limodzilimodzi ndi manja, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti mankhwala anachuluka mpaka oweta njuchi anasiya kubweretsa ming'oma yawo m'mindamo.

Ife a kwa Kalembo tili ndi mwayi umene madera ambiri alibe. Tayandikana ndi nkhalango ya Liwonde, imene inakhazikitsidwa mu 1973 ndipo kuyambira mu 2015 ikuyendetsedwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi boma. Tikamakamba za nkhalangoyi timakamba za njovu ndi mvuu zowononga mbewu, ndipo madandaulo amenewo ndi oona. Koma mpanda wa magetsi suletsa njuchi. Njuchi ya uchi imatha kuuluka makilomita 2 kapena 3 kukafuna maluwa, choncho zimene zimagona m'mphako za m'nkhalangomo zimadzagwira ntchito m'minda ya kunja. Bungweli lakhala likulimbikitsanso ulimi wa njuchi m'midzi yozungulira. Amene muli m'magulu a njuchi, dziwani kuti phindu la mng'oma si uchi wokha. Mng'oma woikidwa pa mtengo wa mthunzi pafupi ndi munda wa chitowe kapena mpendadzuwa, kutali ndi njira ya ana a sukulu ndi khola la ziweto, umakulipirani kawiri. Koma njuchi zing'onozing'ono zokhala pazokha siziuluka mtunda wautali chotero. Zimenezo zimafuna malo pafupi ndi munda: kachitsamba kosiyidwa pa chulu, chipika chouma, malire osatenthedwa.

Kwa amayi ndi abambo a m'madimba, pali kanthu kena kamene mungachite mawa lomwe. Mukaona kuti pa maungu kapena mavwende anu njuchi zachepa, gwirani ntchitoyo nokha. Lawirani cha m'ma 6 kapena 7 koloko, thyolani duwa lalimuna lotseguka kumene, chotsani masamba ake achikasu kuti patsale kamtima ka mungu, ndipo kakhudzitseni pang'onopang'ono pakati pa duwa lalikazi. Duwa limodzi lalimuna likwanira aakazi awiri kapena atatu. Luso lotere si lachilendo. Vanila amene amanunkhiritsa makeke padziko lonse amapakidwa mungu ndi manja, potsata njira imene anatulukira Edmond Albius, mnyamata wa zaka 12 amene anali kapolo pa chilumba cha Réunion, mu 1841. Ndipo pothyola chiluwe cha ndiwo, dikirani dzuwa likwere kuti njuchi ziyambe zatengapo mungu, musamalize maluwa onse aamuna, ndipo lokhala ndi kadzungu kunsi musalikhudze. Mukachita zonsezi timaungu n'kumagwabe, pamenepo fufuzani zina: chinyezi, chonde, kapena ntchentche zoboola zipatso zimene zimasiya mphutsi m'kati.

Pa 20 Meyi chaka chilichonse, kuyambira mu 2018, mayiko a m'bungwe la United Nations amakumbukira tsiku la njuchi. Ndi nthawi imene kuno tikukolola ndipo moto wa m'tchire uli pafupi kuyamba. Pempho langa likupita kwa mafumu athu, kuyambira anyakwawa mpaka a Gogo Chalo: pa misonkhano ya m'mudzi ya nyengo imeneyo, pamene mukukamba za ziweto zolowa m'minda, ikanipo lamulo la moto wa m'tchire ndi la mitengo ya maluwa. Aphunzitsi, tulutsani ana m'kalasi m'mawa umodzi akaone duwa la dzungu lalimuna ndi lalikazi ndi maso awo. Alangizi ndi ogulitsa mankhwala, pouza mlimi muyezo muzimuuzanso ola. Ndipo inu anzanga alimi, musanamange sipuleya kumsana, imani kaye m'munda muyang'ane maluwa. Ngati ali otseguka ndipo mukumva kulira kwa njuchi, ibwezeni kunyumba, mudzapopere madzulo.